Momwe ndewu ya ku Azeroth idachokera patchire n'kulowa m'bwalo

Pa 23 Novembala 2004, kampani ya Blizzard Entertainment ya mumzinda wa Irvine ku California idatsegulira anthu dziko lomwe pa mapu a kusukulu palibe. Dzikolo ndi Azeroth, ndipo polowera pake ndi gemu ya pa intaneti ya World of Warcraft. Tsiku loyamba lokha makope pafupifupi 240,000 adagulidwa. Makompyuta akuluakulu osunga dzikolo, omwe osewera amati maseva, adalemedwa moti anthu ankadikira pamzere kuti alowe. Gemuyi idali yolipira madola 14.99 pamwezi, komabe pofika Disembala 2005 olipira adakwana 5 miliyoni, ndipo mu Okutobala 2010 adafika 12 miliyoni.

Wolowa koyamba, asanaone phiri kapena mtsinje, ankasankha zinthu zitatu: mbali yomwe adzamenyere nkhondo, mtundu wa munthu wake, ndi ntchito imene munthuyo adzagwire. Anthu mamiliyoni adapatsidwa zida, adauzidwa kuti theka la anzawo ndi adani, kenaka adawasiya m'dziko limodzi. Kuyambira pamenepo a Blizzard akhala ali kalikiliki kufuna poika ndewuyo. Idayambira patchire, idalowetsedwa mumpanda, kenaka m'kabwalo ka anthu 6, ndipo kulikonse kumene idasamukira idasintha moyo wa dziko lonselo.

Maphunziro ochokera kwa akale

Vutoli a Blizzard adalipeza lilipo kale. Mwambo woti wosewera aliyense akhale ndi ntchito yake, yomwe imatchedwa kalasi, udayamba mu 1974 ndi Dungeons & Dragons, masewera a patebulo a Gary Gygax ndi Dave Arneson, momwe mudali msilikali, wamatsenga ndi wansembe. Mu 1978 Roy Trubshaw, yemwe pambuyo pake adagwirizana ndi Richard Bartle ku University of Essex ku England, adayamba kupanga MUD, dziko la mawu okhaokha lomwe anthu ambiri ankalowamo nthawi imodzi kudzera pa kompyuta.

Mu 1997 kudabwera Ultima Online ya Richard Garriott. M'dziko limenelo munthu akangotuluka mumzinda, aliyense akadatha kumupha n'kutenga zonse zomwe adanyamula. Garriott mwiniwake adalawa zimenezi gemuyo isanatuluke n'komwe: mu Ogasiti 1997, pa nthawi yoyeserera, wosewera wina wotchedwa Rainz adatentha ndi moto mfumu Lord British, yomwe ankaiyendetsa ndi Garriott, pamaso pa khwimbi la anthu. Gemuyo itatuluka, magulu a zigawenga ankabisalira okumba miyala ndi odula mitengo, ndipo ambiri mwa oberedwawo ankangosiya kulipira. M'chaka cha 2000 eni ake adagawa dzikolo pawiri, Felucca kwa ofuna ndewu ndi Trammel kwa ofuna mtendere. Anthu adakhamukira ku Trammel.

EverQuest ya mu 1999 idatenga njira ina. Pa maseva ake ambiri osewera ankamenyana ndi zilombo zokha, ndipo idafika pa olipira pafupifupi theka la miliyoni. Dark Age of Camelot ya mu 2001 idagawa anthu m'maufumu atatu, Albion, Midgard ndi Hibernia, kuti aliyense adziwe mdani wake asanasolole lupanga.

Opanga World of Warcraft adakulira m'magemu amenewa. Rob Pardo ndi Jeff Kaplan adatsogolerapo gulu lotchuka la Legacy of Steel mu EverQuest, pomwe Tom Chilton adachokera ku Ultima Online. Adatenga zilombo zikuluzikulu za ku EverQuest, adatenga adani odziwikiratu a ku Camelot, ndipo adachotsa kuba kwa ku Ultima. Mu Azeroth wophedwa ndi mnzake sankataya katundu. Ankangosanduka mzukwa, n'kuthamanga kuchokera kumanda kukafuna mtembo wake kuti adzukenso. Adakhazikitsanso maseva amitundu iwiri: ena omwe ndewu imafuna chilolezo cha wosewera, ndi ena, otchedwa a PvP, momwe mdani akakuona m'dera lolimbirana amangoyambapo.

Dziko logawika pakati

Azeroth sidali yachilendo. Idayamba kuoneka mu Warcraft: Orcs & Humans ya mu 1994, ndipo nthano zake, zomwe zambiri adaluka ndi Chris Metzen, zidakula mu Warcraft III ya mu 2002. Chatsopano chidali chakuti munthu tsopano ankayendamo ndi miyendo. Padali zigawo ziwiri zikuluzikulu, Kalimdor ndi Eastern Kingdoms, zolekanitsidwa ndi nyanja. A Alliance, omwe ndi anthu wamba, ma dwarf, ma gnome ndi ma night elf, adali ndi mizinda ya Stormwind, Ironforge ndi Darnassus. A Horde, omwe ndi ma orc, ma troll, ma tauren ndi akufa odzuka otchedwa Forsaken, adali ndi Orgrimmar, Thunder Bluff ndi Undercity. Mbendera ya Horde ndi yofiira, ya Alliance ndi yabuluu, ndipo yemwe adakhalapo pa Kamuzu Stadium tsiku lomwe Maule akumana ndi Manoma akudziwa zomwe mitundu iwiriyi imachita m'mitima ya anthu.

Mbali ziwirizi sizinkamvana chilankhulo. Wa Horde akalemba mawu, wa Alliance ankangoona zilembo zosokonekera. Chomwe chinkadutsa chidali manja okha: kubayibitsa, kuwerama, kuseka, kulavulira. Pa maseva a PvP munthu sankaloledwanso kukhala ndi anthu mbali zonse ziwiri. Mdani adali munthu woti sungamufunse chifukwa chake, ndipo iye sangakupepese.

Dzikolo lidalinso lalikulu mokwanira kutopetsa. Mpaka levulo 40, pa makwerero omwe wosewera amakwera akamakula mphamvu, munthu ankayenda wapansi, ndipo kavalo kapena mmbulu wokwera unkafuna golide pafupifupi 100, chuma chomwe ambiri ankachisonkhanitsa kwa masabata. Owoloka nyanja ankadikira sitima padoko la Menethil, a Horde ankadikira chibaluni kunja kwa Orgrimmar. Night elf wamng'ono wofuna kukakumana ndi anzake ku Ironforge ankadutsa m'madambo a Wetlands ali liwiro la mtondo wadooka, ng'ona zili pambuyo. Chifukwa choti seva iliyonse idali ndi anthu ake okhazikika, osewera ankakumana ndi nkhope zomwezo padoko, pamsika ndi pankhondo. Wakuba katundu wa gulu ankadziwika dzina, wothandiza anzake ankadziwikanso.

Kuti anthuwa ankakhaladi pamodzi zidaoneka bwino mu Seputembala 2005. Matenda otchedwa Corrupted Blood, omwe adapangidwira nkhondo yolimbana ndi chilombo Hakkar ku Zul'Gurub, adatuluka kudzera mu ziweto za alenje n'kulowa m'mizinda. M'misewu ya Ironforge ndi Orgrimmar mafupa adali mbwee. Ochiritsa ena adathamangira kukathandiza, ena adathawira kumidzi, ena ankafalitsa dala. Mu 2007 Eric Lofgren ndi Nina Fefferman adalemba za mliriwu m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Infectious Diseases, ponena kuti khalidwe la osewera lingaphunzitse akatswiri momwe anthu amachitira mliri weniweni ukagwa.

Makalasi 9 ofunana

Poyamba makalasi adalipo 9, ndipo adapangidwa kuti aliyense asowe china chomwe mnzake ali nacho. Warrior ankavala zitsulo n'kuima kutsogolo ndi chishango, kuputa chilombo kuti ukali wake wonse uthere pa iye. Priest ankaima kumbuyo kuchiritsa ndi kudzutsa akufa. Mage ankaponya moto ndi madzi oundana, komanso ankapanga buledi ndi madzi akumwa a gulu lonse ndi kutsegula zipata zopitira kumizinda. Warlock ankaweta ziwanda, ndipo mothandizidwa ndi anthu awiri ankatha kukoka mnzake wochedwa kuchokera kutsidya kwa nyanja. Rogue ankazimirira, kutsegula maloko ndi kubaya kumsana. Hunter ankagula mivi kapena zipolopolo ndi kudyetsa chiweto chake, chomwe chikakhala ndi njala nthawi yaitali chinkamuthawa. Druid ankasanduka chimbalangondo kapena mphaka. Paladin adali wa Alliance yokha, shaman wa Horde yokha.

Ntchito zonsezi zinkagwera m'magawo atatu: wotchinga, wochiritsa ndi wovulaza. M'phanga laling'ono munkalowa anthu 5. Ku Molten Core, kwawo kwa chimphona chamoto Ragnaros, kunkapita anthu 40, ndipo kumeneko ufulu wosankha unkachepa. Paladin yemwe adalota zomenya ndi nyundo ankapezeka akuchiritsa ndi kudalitsa anzake mmodzimmodzi, dalitso lokhala mphindi 5 zokha, kotero kuti akamamaliza wotsiriza la woyamba limakhala likutha. Druid ndi shaman nawonso ankauzidwa kuti achiritse. Pa levulo 60 munthu ankakhala ndi mapointi 51 ogawa m'nthambi zitatu za luso lake, ndipo kusintha maganizo kunkakwera mtengo mpaka golide 50.

Dongosololi linkayenda bwino polimbana ndi chilombo, chifukwa chilombo chimatsata malamulo: chimamenya amene wachiputa kwambiri. Munthu satsata zimenezo. Amasiya wachishango ali chiimire n'kupita kukapha wochiritsa. Pamaso ndi pamaso makalasiwa sadali ofanana mphamvu ngakhale pang'ono. Rogue ankatha kukomola munthu kuyambira poyamba mpaka kumupha asanasunthe chala. Mage ankamanga miyendo ya warrior ndi madzi oundana n'kumamuwotcha ali patali. Paladin zikamuvuta ankadzikuta ndi chishango chosabooka, n'kugwira mwala wobwerera kunyumba, mdani akungoyang'ana. A Blizzard eni ake ankanena poyera kuti sayeza makalasi potengera ndewu ya awiri.

Nkhondo ya midzi iwiri

M'miyezi yoyamba kupha mdani kudalibe mphotho iliyonse. Anthu ankamenyana basi, ndipo malo amene adatchuka kwambiri adali dera la Hillsbrad Foothills, lopangidwira osewera a levulo 20 mpaka 30. Kumwera, m'mbali mwa nyanja, kudali Southshore, mudzi wa Alliance wokhala ndi nyumba ya alendo ndi kadoko. Chakumpoto, ulendo wa mphindi zochepa wapansi, kudali Tarren Mill, mudzi wa a Forsaken. Midzi yonse iwiri idali ndi pokwerera zouluka, kotero kuti thandizo linkafika msanga kuchokera kumizinda ikuluikulu. Pakati pake padali msewu, minda ndi nsanja yakugwa.

Zinkayamba ndi kanthu kakang'ono. Wina wa levulo 25 akusaka zimbalangondo, rogue wa levulo 60 amubaya. Wophedwayo alira kwa anzake a m'gulu lake, lomwe osewera amati guild. Abwera atatu kudzalipsira. Rogue uja nayenso aitana ake. Pakutha pa ola limodzi mizere iwiri yayang'anizana m'munda, alenje ndi amatsenga akuponyerana zida chapatali, ochiritsa ali piringupiringu kumbuyo, ndipo palibe wofuna kukhala woyamba kudumphira pakati. Warrior mmodzi akalimba mtima n'kuthamangira adani, mzere wonse umamutsata. Ogonja amathawira kumudzi kwawo, kumene alonda a pa kompyuta amatuluka n'kubweza olondolawo, ndipo nkhondo imabwerera komwe idachokera. Inkatero yakaliyakali mpaka mbandakucha. Padalibe wowerenga zigoli, padalibenso wolengeza kuti yatha. Inkatha anthu akagona.

Kwa omenyawo idali nthawi yosaiwalika. Kwa mwini dera, wa levulo 25 uja, idali nsautso, chifukwa opereka ntchito m'mudzi mwake ankakhala ataphedwa ndipo iye sankatha kuyenda masitepe khumi osagwa. Maseva nawo ankatsamwa anthu mazana akadzadza malo amodzi.

Nyota ndi mipanda

Mu 2005 a Blizzard adayamba kupereka mapointi aulemu kwa wopha mdani wa msinkhu wake, pamodzi ndi nyota 14 zausilikali. Yapamwamba idali Grand Marshal kwa Alliance ndi High Warlord kwa Horde, ndipo inkabwera ndi zida zoopsa. Ku Hillsbrad zinthu zidafika pa mwana wakana phala, popeza tsopano ndewu idali ndi malipiro. Mu Juni chaka chomwecho kampaniyo idatsegula mabwalo ankhondo otsekedwa. Ku Warsong Gulch anthu 10 ankalimbana ndi 10 anzawo, opambana ndi oyamba kulanda mbendera ya adani katatu. Ku Alterac Valley adali 40 mbali iliyonse, m'chigwa chachisanu momwe cholinga chidali kupha mkulu wankhondo, Drek'Thar wa Horde kapena Vanndar Stormpike wa Alliance. Mu Seputembala kudawonjezeka Arathi Basin, ya anthu 15 mbali iliyonse, yolimbirana malo 5. Kudakhazikitsidwanso chilango kwa opha anthu wamba a m'midzi. Posakhalitsa minda ya ku Hillsbrad idakhala zii.

Alterac yoyambayo idasungabe kafungo ka patchire. Idalibe malire a nthawi, ndipo nkhondo ina inkatha tsiku lathunthu kapena kupitirira. Munthu ankatha kugona, kupita kuntchito, n'kubwerera kupeza nkhondo yomweyo ikadali pamlatho womwewo. Osewera ankatolera zinthu pa mitembo ya adani n'kukapereka kuti adzutse zimphona, Lokholar kwa Horde ndi Ivus kwa Alliance. Mu 2007 kampaniyo idapatsa mbali iliyonse asilikali 600 oti akatha nkhondo ithe, ndipo kuchezera kuja kudathera pomwepo.

Nyota ndizo zidapweteka anthu. Sabata iliyonse wosewera ankayerekezedwa ndi anzake a mbali yake pa seva yomweyo, ndipo malo apamwamba adali ochepa kwambiri. Wopuma sabata imodzi ankatsika. Kuti munthu afike pa nyota ya 14 ankayenera kukhala pamwamba kwa miyezi pafupifupi itatu, akusewera maola oposa 10 patsiku. Ena ankasinthana akaunti usana ndi usiku, zomwe malamulo ankaletsa. Pa maseva ambiri akuluakulu adapangana mzere, kuti sabata ino akhale woyamba ndi uje, yamawa uje, ndipo wophwanya panganolo ankasalidwa. Mdani weniweni wa wofuna nyota adasanduka mnzake wa mbali yomweyo. Mu Disembala 2006 dongosololi lidachotsedwa.

Patchire padatsalabe ufulu, ndipo mu Malichi 2006 udaonetsa mbali yake yowawa. Pa seva ya Illidan wosewera wina wa Horde adamwalira m'moyo weniweni, ndipo anzake adalengeza mwambo womukumbukira m'mbali mwa dziwe ku Winterspring, dera lolimbirana. Adafola mzere, ambiri atavula zida. Gulu la Alliance lotchedwa Serenity Now lidawagwera n'kuwapha, kenaka lidafalitsa kanema wake. Malamulo a gemu sadaphwanyidwe. Koma omwe adafola pamzerewo ankalira munthu weniweni, ndipo mkangano woti kodi chololedwa ndi kompyuta n'chololedwanso ndi umunthu udafalikira kutali kunja kwa Azeroth.

Kabwalo ka nsanamira zinayi

Pa 16 Januwale 2007 kudatuluka The Burning Crusade, gawo lowonjezera la gemuyi. Idapatsa Horde paladin kudzera mwa ma blood elf, Alliance idalandira shaman kudzera mwa ma draenei, ndipo mbali ziwiri zidafanana zida. Idabweretsanso arena, kabwalo komwe matimu a anthu 2, 3 kapena 5 amamenyana mpaka mbali imodzi itatha. Wakufa sadzuka. Timu iliyonse idali ndi mlingo wokwera ikapambana ndi wotsika ikagonja, ndipo theka la mmodzi mwa 100 alionse apamwamba ankalandira dzina la Gladiator ndi chinjoka chokwera. Kwa nthawi yoyamba luso lidaposa maola.

Arena ya ku Nagrand ndi bwalo lozungulira lokhala ndi nsanamira zinayi, ndipo nsanamirazo ndizo moyo, chifukwa matsenga safika kwa munthu amene sakuoneka. Wochiritsa amazungulira nsanamira, kusuzumira kuti achiritse mnzake, n'kubisalanso. Timu yotchuka kwambiri ya rogue, mage ndi priest imapambana powerenga masekondi. Mage asandutsa wochiritsa wa adani kukhala nkhosa. Nthawi yomweyo priest aopseza wachiwiri kuti athawe mosokonezeka, rogue akomola wachitatu, ndipo onse amugwera asanapeze womuchiritsa. Adani ali ndi kachida kodzimasulira kamodzi, kenaka kamafuna mphindi ziwiri kuti kagwirenso ntchito. Choncho kuukira koyamba n'kongofuna kuti akawononge, kwachiwiri ndiko kopha. Kukomola munthu yemweyo motsatizana kumafupika nthawi, kotero aliyense amawerengera mumtima nthawi yoyenera kuyambiranso.

Mu Malichi 2009, pa chionetsero cha CeBIT ku Hanover m'dziko la Germany, ndime yotsiriza ya Intel Extreme Masters idakumanitsa matimu awiri a ku South Korea, HON ndi SK Gaming. Onse adali rogue, mage ndi priest. Mu gemu ina mage wa HON, wodziwika ndi dzina loti Orangemarmalade, adatsala yekha, moyo wake utatsala pang'ono, akuyang'anizana ndi mage ndi priest a SK. Oonera adayesa zatha. Iye adapha mage mnzakeyo, kenaka adalimbana ndi priest mpaka kumugwetsa, ndipo HON idapita ndi chikho. Kanema wa mphindi zimenezo anthu akumuonerabe.

Chaka chomwecho Rob Pardo adanena poyankha mafunso kuti arena ndiyo cholakwa chachikulu pa kapangidwe ka gemuyi. Chifukwa chake chidali chomveka. World of Warcraft sadaipange kuti ikhale ya mpikisano wotere, ndipo kufooketsa luso lina chifukwa likuzunza anthu m'kabwalo kunkapweteketsa anthu ochuluka omwe ankangofuna kupha zinjoka. Kalasi iliyonse yatsopano inkayambitsanso mlanduwo: death knight mu 2008, yemwe m'nyengo yake yoyamba adavuta kwambiri mu arena, monk mu 2012, demon hunter mu 2016 ndi evoker mu 2022, kufikitsa makalasi pa 13. Kuti pasakhale wotsalira, makalasi adayamba kufanana. Ambiri adapatsidwa njira yodzichiritsa, yothawira ndi yodulira matsenga a mdani. Ochiritsa atalimba mpaka magemu kumakana kutha, kudaikidwa lamulo loti mphamvu yochiritsa izichepa nthawi ikamapita. Arena ya anthu 5 idachotsedwa mu 2016, ndipo ya anthu 3 ndiyo idakhala ya mpikisano wa dziko lonse, womwe ndime zake zotsiriza kwa zaka zambiri zinkachitikira ku BlizzCon mumzinda wa Anaheim.

Patchire patsala ndani

Pamene ndewu inkalowa m'mabwalo, dziko lakunja linkachepa anthu. Kuyambira Ogasiti 2006 mabwalo ankhondo adayamba kusakaniza maseva, ndipo mdani wodziwika dzina adalowedwa m'malo ndi mlendo woti sudzamuonanso. Zouluka zomwe munthu amaziyendetsa yekha, zobwera mu 2007, zidachotsa apaulendo m'misewu. Mu Disembala 2009 kudabwera batani lopezera gulu, lomwe limamunyamula munthu kuchokera mumzinda mpaka m'phanga osayenda. Mu Disembala 2010 gawo lina lowonjezera, Cataclysm, lidagumula dziko lakale, ndipo m'nthano yake a Forsaken adawononga Southshore ndi mankhwala a mliri. Pa chikondwerero cha zaka 10 mu 2014, nkhondo ya Southshore ndi Tarren Mill idabwezedwa ngati bwalo lotsekedwa, lokhala ndi zigoli ndi mathero. Mu 2018 maseva a PvP adathetsedwa mu gemu yaikulu, m'malo mwake mudabwera War Mode, yomwe munthu amayatsa kapena kuzimitsa yekha.

Olira zakale sadatonthole. Ambiri ankasewera pa maseva osaloledwa, ndipo yotchuka kwambiri, Nostalrius, itatsekedwa mu Epulo 2016 chifukwa cha maloya a Blizzard, phokoso lidakula mpaka kampaniyo idagonja. World of Warcraft Classic, yobwezeretsa gemu yakale ija, idatuluka mu Ogasiti 2019, mizere yodikira n'kubwereranso. Mu Novembala mapointi aulemu adayatsidwa popanda mabwalo ankhondo, monga zidalili mu 2005. Ulendo uno osewera ankadziwa kale chilichonse. Pa maseva omwe mbali imodzi idachuluka, magulu ankakhalira madoko, masitima ndi pokwerera zouluka, ndipo a mbali yochepa ankafa kambirimbiri asanafike pakhomo la Blackrock Mountain. Ambiri adasamuka kapena kusiya, maseva ena n'kutsala a mbali imodzi. Pa 10 Disembala, pasanathe mwezi, Warsong Gulch ndi Alterac Valley zidatsegulidwa.

Zomwe zidachitika mu 2019 zidaweruza mlandu wakale. Nkhondo ya patchire imakoma pamene mbali ziwiri zikufanana ndipo palibe cholipidwa. Mphotho ikangoikidwa, ochuluka amapondereza ochepa mpaka ochepawo atachoka, monga zidachitikira ku Felucca. A Blizzard sadalakwe kumanga mipanda. Chomwe mipandayo idalephera kusunga ndi kudziwana kwa anthu a seva imodzi, komwe kunkachititsa kuti kupha kapena kuphedwa kukhale ndi nkhope ndi dzina. Ngakhale khoma la pakati pa Horde ndi Alliance lidayamba kugwa mu Meyi 2022, pamene mbali ziwirizi zidaloledwa kulowa limodzi m'mapanga ndi mu arena.

Mpikisano umene lero umakoka oonera ambiri mu World of Warcraft si wa kuphana. Mu 2017 kudayamba Mythic Dungeon Invitational, momwe matimu a anthu 5 amathamangitsana kumaliza phanga limodzi. Mu Seputembala 2018 gulu la Method lidaonetsa pa Twitch nkhondo yake yonse ya m'phanga lalikulu la Uldir, zomwe magulu apamwamba kale ankabisa poopa kuberedwa nzeru, ndipo anthu zikwizikwi adachezera kuonera. Kuyambira pamenepo phanga lalikulu likatsegulidwa, magulu a anthu 20 monga Liquid ya ku America ndi Echo ya ku Ulaya amasonkhana m'chipinda chimodzi kulimbirana kukhala oyamba padziko lonse kugwetsa chilombo chotsiriza. Mumakhala otchinga awiri, ochiritsa angapo ndi ovulaza, aliyense pa ntchito yomwe kalasi yake idapangidwira, ndipo mmodzi akaponda polakwika onse 20 amayambiranso. Mu Malichi 2022 mpikisano wa ku Sepulcher of the First Ones udatenga masiku 18, ndipo a Echo adagwetsa chilombo chotsiriza, Jailer, atalephera maulendo oposa 270.